GALIMOTO IKAMALIRA KUTSOGOLO ITACHOKA KWA MAKANIKO

Nkhani ya lero ikukhudza madalaivala, eni magalimoto ndi amakaniko, ndiponso anthu onse amene amakwera galimoto popita kumsika, kuchipatala kapena kumaliro. Mutu wake ndi phokoso lokukuta limene limamveka kutsogolo kwa galimoto, pamodzi ndi kusamvera kwa chiwongolero, galimotoyo itangochoka kumene m'manja mwa makaniko. Zitsanzo zake zatengedwa m'boma la Phalombe, koma omvera a ku Chitipa, ku Ntchisi kapena ku Nsanje aona kuti zimene zimachitika kumeneko sizisiyana ndi za kwawo.

Boma la Phalombe, limene lidaima palokha m'chaka cha 1998 litapatulidwa ku Mulanje, ndi dera limene limayesa mphamvu za galimoto. Kum'mwera kwake kuli mapiri a Mulanje ndi Michesi, ndipo kumpoto kuli chigwa chachikulu chotsikira ku nyanja ya Chilwa. Mseu waukulu wochokera ku Zomba kudzera pa Jali, pa Migowi ndi pa boma la Phalombe mpaka pa Chitakale udaikidwa phula, koma munthu akangopatuka kulowera m'midzi amakumana ndi miseu ya mtundu wina. Kumapiri, monga pa mpata wa Fort Lister polowera ku Nkhulambe, kuli miyala ndi zitunda; m'chigwa muli dothi lamakande, limene m'dzinja limasanduka thope lomata, ndipo m'chilimwe limauma gwa ndi kusiya maenje ndi mabampu. Madzi nawo sachita chifundo. M'mwezi wa Marichi 1991 madzi otsika m'phiri la Michesi adakokolola midzi ndi milatho, ndipo m'Marichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso chimodzimodzi, kotero kuti m'malo ambiri madalaivala adakakamizika kuwolotsa magalimoto awo mumchenga ndi m'madzi.

Gawo la galimoto limene limasenza mavuto onsewa ndi lakutsogolo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene akuyenda m'dziko muno adagulidwa ku Japan atagwira kale ntchito, ndipo ambiri amalowa kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe ku Karonga. Pa magalimoto ambiri onga Toyota Sienta, Probox ndi Corolla, matayala awiri akutsogolo ali ndi ntchito zinayi: amasenza injini, amakoka galimoto yonse, amaikhotetsa, ndiponso amagwira gawo lalikulu la ntchito yoiimitsa dalaivala akaponda buleki. Tayala la galimoto yotere limazungulira koposa ka 500 pa kilomita imodzi yokha. N'chifukwa chake ziwalo zakutsogolo zimatha msanga, ndipo cholakwika chaching'ono chochitika pozikonza sichichedwa kudziulula.

Chitsanzo cha dalaivala wa pa Migowi

Pofuna kuti nkhaniyi imveke bwino, ndi kothandiza kutsata chitsanzo cha dalaivala mmodzi wonga madalaivala ambiri amene amanyamula anthu pakati pa Migowi ndi Chitakale. Galimoto si yake. Mwini wake amayembekeza ndalama madzulo ali onse, ndipo nthawi ndi yokolola nandolo, pamene okwera ndi katundu zimachuluka. Dzulo lake galimotoyo idatandala kwa makaniko, amene adasintha mapadi a mabuleki akutsogolo, beringi ya tayala lakumanzere, ndi kachitsulo kolumikiza chiwongolero ku tayalalo, kamene amakaniko amakatcha tie rod end. Ntchito idatha kutada, ndipo dalaivalayo adalipira ndi kukagoneka galimoto osaiyesa pamseu. M'mawa mwake adakweza anthu, pakati pawo mayi wina wobereka mwana ndi gogo wina wopita kuchipatala. Atangoyenda kilomita imodzi adamva kutsogolo kukulira kuti gwee, gwee, ngati munthu akunola khasu pamwala. Atayang'ana chiwongolero adaona kuti chapendekera mbali imodzi ngakhale galimoto ikuyenda molunjika.

Apa ndi pamene dalaivala amayesedwa. Mtima wina umamuuza kuti galimoto yangokonzedwa kumene, zitsulo zatsopano zikuzolowerana, phokoso litha lokha. Ndipo dzanja limafuna kukweza wailesi kuti okwera asamve. Koma galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo chiwongolero chikaleka kugwira pa liwiro limenelo, dalaivala sapeza ngakhale nthawi yofuula. Dalaivala wa m'chitsanzochi adaima pambali pa mseu, adapepesa okwera, adawathandiza kupeza galimoto ina, ndipo adayamba kufufuza.

Mafunso anayi

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi khutu, sipanala imabwera pambuyo, pakuti chiwalo chili chonse chili ndi kaliridwe kake ndi nthawi yake yolirira. Dalaivala naye angathe kuchita chimodzimodzi. Choyamba aonetsetse kuti manati a matayala ndi omanga, kenaka asankhe mseu wathyathyathya wopanda anthu, atsitse magalasi, ndi kuyendetsa galimoto pang'onopang'ono akudzifunsa mafunso anayi. Loyamba: kodi phokosoli likutsata kuzungulira kwa matayala kapena kwa injini? Akaponda kilachi kapena kuchotsa giya kwa kanthawi, injini imatsitsa mawu ake. Phokoso likapitirira monga kale, ndiye kuti vuto lili kumatayala. Lachiwiri: kodi likusintha akaponda buleki? Lachitatu: kodi likusintha akakhotera kumanja kapena kumanzere? Lachinayi: kodi likumveka pokhapokha galimoto ikaponda bampu kapena dzenje? Mayankho a mafunso amenewa amaloza pamalo ofunika kufufuza, ndipo amapulumutsa ndalama zimene zikadapita pogula zitsulo mongoganizira.

Phokoso lokwecha limene limatsata kuzungulira kwa tayala, koma losasintha kwenikweni buleki ikapondedwa, kawirikawiri limachokera ku kamalata kopyapyala kamene kamakhala kuseri kwa disiki ya buleki kuti kaziiteteza ku fumbi ndi thope. Kamalatako kamakhala pafupi kwambiri ndi disiki, motero makaniko akakagunda ndi hamala pochotsa beringi, kamapindika ndi kuyamba kukhudza chitsulo chozungulira. M'miseu ya miyala, kamwala kolowa pakati pa kamalatako ndi disiki kamatulutsa phokoso lomweli, ndipo nthawi zina kamagwa kokha galimoto ikabwerera m'mbuyo. Vuto limeneli limaopsa m'makutu, koma limatha m'mphindi zochepa pongowongola kamalatako.

Phokoso limene limabwera kapena kukula buleki ikapondedwa ndi la mabuleki eni ake. Mapadi atsopano amatha kukwecha pang'ono masiku oyamba kufikira atazolowerana ndi disiki, makamaka ngati disikiyo ili ndi mizere kapena dzimbiri. Koma kukukuta kwa chitsulo pa chitsulo si kuzolowerana ayi. Kumatanthauza kuti padi yatha mpaka pachitsulo chake, kapena yaikidwa motembenuza, msana wake wachitsulo ukuyang'ana ku disiki, kapena timalata togwira mapadi takhala molakwika, kapenanso bawuti ya caliper, chitsulo chimene chimapana mapadi pa disiki, sidamangidwe. Caliper imasewera pa timapini tiwiri timene timafuna girisi. Tikauma, padi imakakamira pa disiki ngakhale dalaivala atachotsa phazi. Zotere zingachitikenso paipi ya mphira yodutsa mafuta a mabuleki ikapotoka pobwezera. Chizindikiro chake ndi kutentha: galimoto ikayenda makilomita angapo popanda kuponda buleki kwambiri, rimu ya mbali yodwalayo imatentha koposa inzake, pamamveka fungo la chinthu chopserera, ndipo galimoto imakokera mbali yomweyo. Poyesa kutenthako munthu angoyandikiza dzanja, asagwire disiki, pakuti imawotcha. Chinanso choyenera kukumbukira n'chakuti mapadi akasinthidwa, buleki iyenera kupopedwa kangapo galimoto isananyamuke, chifukwa ikapondedwa koyamba imatsika mpaka pansi osagwira.

Beringi ndi shafiti

Beringi ili ndi kaliridwe kena. Imalira kuti huu ngati chigayo chakutali, ndipo mawu ake amakula liwiro likamakula. Galimoto ikakhotera kumanja, kulemera kwake kumatsamira kumanzere. Motero phokoso likakula pokhotera kumanja ndi kuchepa pokhotera kumanzere, kawirikawiri yodwala ndi beringi yakumanzere. Beringi yatsopano ingathe kulira pa zifukwa zitatu. Choyamba, iyenera kulowetsedwa m'malo mwake ndi makina okanikiza, mphamvu ikugwera pa mkombero wake wakunja. Ikakhomedwa ndi hamala, timipira tachitsulo ta m'kati mwake timasiya timaenje panjira imene timayendapo, ndipo imayamba kutha tsiku lomwelo. Chachiwiri, nati yaikulu ya pakati pa tayala ili ndi muyeso wake wa kamangidwe wolembedwa m'buku la opanga galimotoyo. Ikapanda kufika pa muyesowo beringi imagwedera, ndipo ikapyola beringi imapanika ndi kutentha. Chachitatu ndi katundu wachinyengo, amene amabwera m'bokosi lokongola koma chitsulo chake n'chofewa ndipo girisi wake ndi wochepa.

Madalaivala a m'chigwa cha Phalombe ayenera kudziwanso mdani wina wa beringi, ndiye madzi. Beringi yotentha ikamizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira a mumtsinje, mpweya wa m'kati mwake umafota ndi kuyamwa madzi kudzera m'zotsekera zake. Madziwo amawononga girisi ndi kuyambitsa dzimbiri, ndipo patapita milungu ingapo kulira kumayamba. Choncho beringi ikalira galimoto itawoloka mitsinje kangapo, si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala makaniko.

Phokoso lina ndi lakuti kha, kha, kha, lomveka galimoto ikamanyamuka chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka kumapeto, monga potembenuka pamsika. Limeneli ndi la mfundo ya shafiti yopereka mphamvu ku tayala, imene amakaniko amaitcha CV joint. Mfundo ya mtundu umenewu, imene injiniya wa kampani ya Ford, Alfred Rzeppa, adaikonza m'zaka za m'ma 1920, imalola tayala kukoka ndi kukhota nthawi imodzi, ndipo moyo wake uli m'kathumba ka mphira kosunga girisi. Kathumbako kakang'ambika pokonza, kapena lamba wake wachitsulo akapanda kumangidwa bwino, girisi amatayika, mchenga umalowa, ndipo mfundoyo imadyeka. Girisi wakuda womwazika m'kati mwa rimu ndi mboni yosanama. Ngati pokhota mpaka kumapeto pakumveka kukhula kwa mphira, ndi bwino kuyang'ana pulasitiki imene imakuta pamwamba pa tayala, pakuti ikabwezedwa popanda tizomangira take tonse imalendewera ndi kukhudza tayala. Kugogoda komveka pa mabampu pokha kumaloza ku ball joint, mfundo imene imalumikiza tayala ku mkono wachitsulo wapansi, kapena ku mphira zakutha ndi mabawuti osamanga a shokabuzoba.

Phokoso loopsa koposa onse ndi kugogoda kotsata kuzungulira kwa tayala, chiwongolero chikunjenjemera m'manja. Chifukwa chake kawirikawiri ndi manati a tayala. Makaniko amawamanga ndi zala galimoto ili pa jeke, akuganiza kuti amaliza ikatsika. Pamenepo wina akamuitana, amaiwala. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota muyeso wa manatiwa ndi 103 newton-metre, ndipo pali sipanala yapadera yoyezera mphamvu imeneyi. Amamangidwa modumphitsa, ina apa, ina moyang'anizana nayo, kuti rimu ikhale bwino. Chizolowezi choika paipi yaitali pa sipanala ndi kuimapo ndi mapazi chimatamula mabawuti, ndipo bawuti yotamuka imadzathyoka pamseu. Tayala lili lonse limene lidachotsedwa liyenera kuonedwanso manati ake galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100.

Kuyesa ndi manja

Khutu likatha ntchito yake, manja amatsimikiza. Galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya ndi olimba, handibuleki ikokedwe, matayala akumbuyo atchingidwe ndi miyala, kenaka ikwezedwe ndi jeke. Munthu asalowe pansi pa galimoto yoima pa jeke yekha, ndipo njerwa si zodalirika pakuti zimaphwanyika mosachenjeza; pafunika zitsulo zochirikizira kapena chipika chochindikala. Tayala likakwera, lizunguzidwe ndi dzanja, munthu akumvetsera. Kukwecha kobwera pamalo amodzimodzi pa kuzungulira kuli konse ndi kwa kamalata kapena disiki. Dzanja lina likagwira sipuling'i ya shokabuzoba pamene tayala likuzungulira, beringi yakutha imamveka ngati mchenga m'zala. Tayala lokana kuzungulira limasonyeza buleki yokakamira.

Kenaka tayalalo ligwidwe pamwamba ndi pansi ndi kugwedezedwa. Likamasewera, vuto lili pa beringi kapena pa ball joint. Ligwidwenso kutsogolo ndi kumbuyo kwake ndi kugwedezedwa ngati likukhota. Likamasewera, vuto lili pa tie rod end kapena pa raki ya chiwongolero. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina kugwedeza, wina kuyang'ana kuseri kwa tayala kuti aone mfundo imene ikusuntha. Mutu umodzi susenza denga.

Za chiwongolero

Chiwongolero chopendekera pamene galimoto ikuyenda molunjika chimasonyeza kuti matayala akutsogolo sakuyang'ana kumene ayenera kuyang'ana. Tie rod end imalowa pa ndodo ya mazinga, ndipo makaniko wosamala amawerenga kuti yakale yazungulira kangati potuluka kuti yatsopano ilowe chimodzimodzi. Ngakhale atatero, kusiyana kwa mamilimita ochepa okha kumakwanira kukhotetsa tayala. Motero chiwalo chili chonse cha chiwongolero chikasinthidwa, galimoto iyenera kupita kumalo amene ali ndi makina oyezera kaimidwe ka matayala, ntchito imene imatchedwa alignment, ndipo malo otere amapezeka m'mizinda monga Zomba, Limbe ndi Blantyre. Kupanda kutero, tayala limayenda likukhula pansi ndipo limadyeka mbali imodzi m'milungu yochepa. Mtengo woyezetsa ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa matayala awiri.

Galimoto ikamakokera mbali imodzi, chinthu choyamba kuyesa ndi mpweya wa m'matayala, pakuti imakokera kumene kuli tayala lofewa. Dalaivala akumbukirenso kuti m'Malawi magalimoto amayenda kumanzere, ndipo mseu wa phula umamangidwa motsetsereka pang'ono kulowera m'mbali kuti madzi a mvula azitsika. Choncho kutsamira pang'onopang'ono kumanzere pa mseu wotere si matenda. Mpweya ukakhala wofanana koma kukoka kukadalipo, matayala awiri akutsogolo asinthanitsidwe. Kukoka kukatembenuka, vuto lili m'tayala lenilenilo. Kukapanda kutembenuka, aganizire za buleki yokakamira kapena za kaimidwe ka matayala.

Chiwongolero chokhwefuka, chimene chimazungulira matayala asanayambe kukhota, n'choopsa kwambiri. Mabuku ambiri a Toyota amalola kusewera kosapitirira mamilimita 30 poyeza pa mkombero wa chiwongolero. Kupyola apo ndiye kuti mfundo ina yatha kapena yamasuka. Pa magalimoto ambiri nati ya tie rod end ndi ya ball joint ili ndi timipata pamutu pake, ndipo kapini kogawanika, kamene amakatcha split pin, kamapyoza bawuti kuti natiyo isabwerere. Kapiniko n'kotchipa, ndipo kayenera kukhala katsopano nthawi zonse. Msomali kapena waya sizilowa m'malo mwake. Nati imeneyi ikagwa, tayala limaleka kumvera chiwongolero. Ball joint ikazuka, tayala limapindikira pansi pa galimoto.

Chiwongolero cholemera chili ndi zifukwa zake malinga ndi mtundu wa galimoto. Pa magalimoto amene chiwongolero chake chimathandizidwa ndi pampu ya oyilo, monga ma Hilux ndi ma Hiace akale, kubuula pokhota kumasonyeza kuti oyilo wachepa kapena mwalowa mpweya pokonza. Thovu m'kabotolo ka oyiloyo ndi umboni wa mpweya, ndipo umachotsedwa pokweza matayala akutsogolo ndi kukhotetsa chiwongolero pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri kangapo, akuwonjezera oyilo woyenera. Kulira kwa tswii pokhota ndi kwa lamba wa pampu wosamangidwa bwino. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri opangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 2000 ali ndi mota ya magetsi m'malo mwa pampu. Pa amenewa, chiwongolero chikalemera ndipo nyali yochenjeza ikayaka, ayang'ane batire ndi mawaya amene adamasulidwa pokonza. Ena amafunanso kuti kompyuta ya galimoto iuzidwe mwatsopano pamene pali pakati pa chiwongolero. Chiwongolero chokana kubwerera chokha pakati galimoto ikatha kukhota chimaloza ku ball joint yolimba kapena ku mutu wa shokabuzoba wobwezedwa molakwika. Ndipo ngati hutala waleka kulira, nyali ya airbag n'kuyaka raki itangosinthidwa, ndiye kuti chiwongolero chidazunguzidwa chili chomasula ndipo kalamba ka mawaya ka m'kati mwake kadaduka.

Zimene dalaivala uja adapeza

Dalaivala wa pa Migowi uja adabwereka jeke wachiwiri, adaitana mnzake, ndipo adakweza tayala lakumanzere. Atalizunguza adamva kukwecha kobwera pamalo amodzi. Atasuzumira kuseri adaona kamalata katapindika, kali ndi mzere wowala pamene kamakhudza disiki. Adakawongola ndi sikuludalaiva, ndipo phokoso lidatheratu. Akadafuna, akadatsitsa galimoto pomwepo ndi kuthamangira okwera a masana. Koma chiwongolero chopendekera chija chidamuvutitsa mumtima, choncho adagwira tayala kutsogolo ndi kumbuyo n'kuligwedeza. Mnzakeyo adaona tie rod end yatsopano ija ikusuntha. Nati yake idalibe kapini, ndipo idali itayamba kale kubwerera. Chimene chidafuula chidali kamalata kosavulaza munthu. Chimene chikadagubuduza galimoto ndi anthu ake chidali chete.

Dalaivalayo sadayendetsenso galimoto. Adaimbira makaniko lamya, ndipo atafika adamuuza kuti, "Achimwene, ndakuitanani kuti mudzaone nokha, sindikufuna mkangano ayi. Phokoso lija latha, koma taonani natiyi." Makanikoyo atagwada ndi kuyang'ana adayankha kuti, "Pepani achimwene, kulakwa n'kwanga. Kudada ntchito isanathe, ndipo ndidauza mnyamata amene amandithandiza kuti amalize, ine osayang'ananso." Adamanga natiyo, adaika kapini katsopano, adaonanso mabawuti onse amene adawagwira dzulo lake, ndipo adagwirizana kuti galimoto ipite kukayezedwa kaimidwe ka matayala isananyamulenso anthu. Tsiku limenelo mwini galimoto sadalandire ndalama zake zonse, koma galimoto idagona pakhomo ili yamphumphu.

Dalaivala ndi makaniko

Si phokoso lili lonse lomveka pambuyo pa ntchito limene limabadwa ndi ntchitoyo. Nthawi zina matenda amakhala awiri, lalikulu likubisa laling'ono. Beringi yolira ikasinthidwa, khutu limayamba kumva inzake imene idali kulira chapansipansi. Nthawi zinanso mwini galimoto ndi amene amagula yekha chitsulo chotchipa kapena chochotsedwa pa galimoto yakufa, kapena amaima pamutu pa makaniko kumufulumizitsa kuti amalize dzuwa lisanalowe. Ntchito ya mabuleki ndi chiwongolero siyenera kugwiridwa mothamanga kapena mumdima.

Pali makhalidwe angapo amene amateteza mbali zonse ziwiri. Ntchito isanayambe, awiriwo agwirizane zimene zisinthidwe ndipo zilembedwe. Zitsulo zakale zibwezedwe kwa mwini galimoto kuti aone kuti zidasinthidwadi. Pakhale lisiti la zitsulo zogulidwa ndi la ntchito. Ndalama zisanaperekedwe, dalaivala ndi makaniko akwere limodzi ndi kuyesa galimoto pa phula ndi pa fumbi, pokhota ndi poponda buleki. Vuto likaoneka pambuyo pake, dalaivala abwerere kwa makaniko yemweyo mwamsanga, asanapite kwa wina, pakuti manja ambiri akagwira ntchito imodzi, wolakwa sadziwikanso. Zikakanika kukambirana, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula; koma wodandaula wopanda lisiti amavutika kusonyeza umboni.

Amakaniko ambiri a m'misika ya m'maboma adaphunzira ntchito pamanja pa anzawo, ndipo ambiri a iwo ndi aluso zedi. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo sukulu zonga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Limbe zimaphunzitsa achinyamata ntchito zotere. Koma kaya munthu adaphunzira kusukulu kapena pansi pa mtengo wa mango, lamulo la ntchito ndi limodzi: mwini ntchito ayang'ane yekha nati ili yonse ya buleki, ya chiwongolero ndi ya tayala galimoto isanachoke. Chiphaso cha COF, chimene chimaperekedwa pansi pa nthambi ya boma yoona za pamseu, chimangotsimikiza mmene galimoto idaliri tsiku limene idayesedwa. Sichidziwa zimene zidachitika kugaraja dzulo.

Potsiriza, pali zizindikiro zisanu zimene dalaivala akaona chimodzi mwa izo ayenera kuima pomwepo, ngakhale atatsala pang'ono kufika: kugogoda kotsagana ndi kunjenjemera kwa chiwongolero, chiwongolero chokhwefuka kapena cholimba mwadzidzidzi, buleki yotsika mpaka pansi, utsi kapena fungo lopserera pa tayala, ndi kukukuta kwa chitsulo pa chitsulo. Okwera nawo ali ndi gawo lawo. Akamva phokoso lachilendo anene mwaulemu, ndipo dalaivala akaima kuti ayang'ane asamunyoze kuti akuwachedwetsa, pakuti akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. Msika wa pa Migowi udzakhalaponso sabata yamawa, ndipo nandolo saola chifukwa chogona usiku umodzi m'thumba.